Nchito Zitatu za m'Fakitale

Munthu wofuna kumanga nkhokwe sayamba ndi kukumba maenje. Poyamba amaima m'munda mwace nayang'ana cimanga, kuti adziwe ukulu wa nkhokwe imene idzafunika, ndipo amawerenga mphanda, nsungwi ndi luzi zoti zikwanire. Atatero amalemba pansi ndi kamtengo, kuonetsa pamene mphanda iliyonse idzaima. Potsiriza amapangana ndi abale ace za tsiku lodula mitengo, tsiku loluka ndi tsiku lofolera. Munthu wotere, pofika nthawi yokolola, nkhokwe yace imakhala itatha. Koma mnzace wongoyamba nchito osaganiza, nsungwi zimamthera nkhokwe ili pakati, ndipo ciswe cimamdyera cimanga pamkukwe.

Kuwerengera, kujambula ndi kulongosola nchito: zitatu zimenezi pamudzi amazicita munthu mmodzi, koma m'fakitale zimagawidwa kwa anthu osiyana. Fakitale ndiyo nyumba yaikulu ya makina m'mene amapangiramo zinthu zambiri za mtundu umodzi, monga sopo, nsapato, makasu, njinga kapena magalimoto. Mlendo akalowamo amaona amisiri ogwira nyundo ndi anthu oyendetsa makina, ndipo amayesa kuti nchito yonse ndi yomweyo. Komatu alipo ena amene zida zao ndizo pensulo, rula ndi wochi. Woyamba ndiye wowerengera mtengo, amene amanena ndalama zimene cinthu cidzadya cisanapangidwe. Waciwiri ndiye wojambula, amene amaonetsa maonekedwe ace ndi miyeso yace. Wacitatu ndiye woyendetsa nchito, amene amakonza kuti anthu, makina ndi zipangizo zikomane pa nthawi yace. Atatu amenewa akalakwa, mphamvu ya amisiri onse imapita pacabe.

Mbiri ya galimoto ina ya ku America, imene inachuka m'maiko onse, ionetsa bwino nchito ya aliyense wa iwo.

WOWERENGERA MTENGO

Henry Ford anabadwa m'caka ca 1863 pa munda wa atate ace, pafupi ndi mzinda wa Detroit. Anali mmisiri wodziwa makina kopambana, koma luso lokha silinamthandize. Kampani yoyamba imene anapangiramo magalimoto inayamba mu 1899, ndipo pofika 1901 inali itagwa, pakuti magalimoto ace anali owerengeka ndi okwera mtengo, ndipo ndalama zotuluka zinaposa zolowa. Mu 1903 Ford ndi anzace anayambanso kampani ina, yochedwa Ford Motor Company, ali ndi madola 28,000 okha m'manja.

Mmodzi wa ofuna kuikamo ndalama anali loya wina dzina lace John W. Anderson. Iye analibe cuma, tsono analembera kalata atate ace kupempha kuti amkongoze madola 5,000. Podziwa kuti munthu wamkulu sakopeka ndi mau okoma okha, anaika m'kalatamo ciwerengero ca ndalama zopangira galimoto imodzi, motere:

Injini ndi zitsulo zapansi: madola 250
Thupi la galimoto: madola 52
Magudumu: madola 26
Zoyala pa mipando: madola 16
Matayala: madola 40
Kulumikiza zonse, pamodzi ndi malipiro ndi lendi: madola 20
Kulengeza malonda ndi kugulitsa: madola 150
Zonse pamodzi: madola 554

Galimotoyo inali yogulitsa pa madola 750, ndiye kuti pa imodzi panali kutsala madola 196. Pa amenewo anacotsaponso madola 46 kusungira zogwa mwadzidzidzi, nawerenga phindu la madola 150 cabe.

Ciwerengero cimeneci ciphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, sicinasiye zinthu zosaoneka ndi maso, monga lendi ya nyumba ndi malipiro a ogulitsa. Woyamba kumene nchito amakumbukira citsulo ndi matayala, naiwala zimenezi. Caciwiri, mitengo ya zipangizo sinali yongoganizira, pakuti kampani inali itapangana kale ndi ozipanga. Cacitatu, cinasiya malo a tsoka, popeza citsulo cina cimaonongeka, makina amathyoka, ndipo mitengo ya zinthu imakwera. Atate a Anderson atawerenga kalatayo anapereka ndalamazo. Mu 1919, pamene Ford anagula magawo onse a anzace, gawo la Anderson linagulidwa madola 12,500,000.

Koma ciwerengero cabwino cifuna mlonda wace. Mlonda ameneyo anali James Couzens, amene kale anali kalaliki wa munthu wogulitsa malasha. Iye anasunga mabuku a kampani mosamala, nakana kuti magalimoto azipita kwa ogulitsa pa ngongole. M'mwezi wa July 1903, galimoto isanagulidwe ndi imodzi yomwe, m'banki munatsala madola 223 ndi masenti 65. Pa 15 July dokotala wina wa mano wa ku Chicago anagula yoyamba, ndipo kampani inapulumuka. Kukadakhala kuti ndalama zina zinatayika pa zinthu zacabe m'masabata amenewo, zitseko zikadatsekedwa.

Njira ya wowerengera ili ndi dzenje uku ndi uku. Akachula mtengo wocepa, fakitale imataya ndalama pa cinthu ciliconse cimene igulitsa, kotero kuti malonda akaculuka, kugwanso kumafulumira. Akachula wokwera, ogula amapita kwina, ndipo anchito amasowa cocita. Cifukwa cace munthu wa nchito imeneyi ayenera kudziwa masamu, komanso ayenera kudziwa m'mene cinthuco amacipangira. Wosadziwa kuti thabwa limacepa polipala sangawerenge bwino matabwa a desiki.

WOJAMBULA

Pofika 1907 kampani inali italimba, ndipo Ford anafuna galimoto yatsopano yoti mlimi wamba athe kuigula. Masiku amenewo miseu ya kumidzi ku America inali ya matope ndi maenje. Tsono galimotoyo inayenera kukhala yopepuka, yolimba, yotalikira pansi, ndiponso yosabvuta kukonza kwa munthu wokhala kutali ndi amisiri.

M'fakitale yao ya pa mseu wa Piquette, mu Detroit momwemo, anapatula kacipinda kakang'ono nakatseka ndi loko. M'menemo munali bolodi lakuda longa la m'sukulu. Joseph Galamb, mnyamata wocokera ku Hungary, anali kujambula zigawo za galimoto pa bolodipo ndi pa mapepala. C. Harold Wills anali kufufuza za citsulo, ndipo anasankha citsulo cosakaniza ndi mtundu wina wochedwa vanadium, cimene cimalimba ngakhale cikhale copyapyala. Ford anali kukhala pa mpando maola ambiri, kuyang'ana ndi kutsutsa.

Cojambula ca m'fakitale cisiyana ndi cithunzi cokometsera nyumba. Cimaonetsa cinthu cimodzi katatu: monga cioneka kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba. Mzere uliwonse uli ndi muyeso wace. Pamalembedwanso mtundu wa citsulo ndi malire amene mmisiri sayenera kupitirira, ndipo nthawi zina malirewo acepa koposa tsitsi limodzi. Kusamala kotere kuli ndi cifukwa. Kacitsulo kopangidwa lero kayenera kulowa pa malo a kamene kanapangidwa caka catha, popanda kukapala ndi tupa. Zigawo zikafanana motero, munthu aliyense akhoza kuzilumikiza msanga, ndipo mlimi wa kutali akhoza kugula catsopano naikapo yekha.

Panalinso mmisiri wina dzina lace Charles Sorensen, wobadwira ku Denmark mu 1881, amene analowa kampaniyo mu 1905. Nchito yace inali yosema zifanizo za mtengo. Pofuna kupanga cinthu ndi citsulo cosungunula, amayamba asema cifanizo cace, nacikanikiza mu mcenga wonyowa. Akacicotsa, mumcengamo mumatsala cikombole, ndipo m'menemo amathiramo citsulo ca madzimadzi, monga woumba njerwa athira dothi m'cikombole cace. Koma citsulo cimafwata pozizira. Cifukwa cace wosema ayenera kukulitsa cifanizo pang'ono, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100. Akaiwala zimenezi, zitsulo zonse zimatuluka zoperewera.

Ford anali kukonda kuona cinthu ndi maso ndi kucigwira ndi manja koposa kuyang'ana mapepala. Motero Sorensen anali kumsemera zigawo zatsopano ndi mtengo, ndipo zolakwa zambiri zinaoneka citsulo cisanaonongeke. Apa ndipo pali nzeru ya nchito yonseyi. Colakwa ca pa bolodi cimafafanizika ndi kansalu. Colakwa ca pa cifanizo cimaononga thabwa limodzi. Koma colakwa cimene calowa m'makina cimabadwa kambirimbiri tsiku ndi tsiku.

Galimotoyo anaicha Model T, ndipo inatuluka mu October 1908 pa mtengo wa madola 850. Anthu anaikonda kotero kuti kampani inalephera kupanga zokwanira onse ozifuna. Pamenepo inafunika nchito yacitatu.

WOYENDETSA NCHITO

Mu 1910 kampani inasamukira ku fakitale yaikulu ya ku Highland Park, m'mphepete mwa Detroit. Poyamba kapangidwe kanali kakale: galimoto iliyonse inali kuima pa malo amodzi, ndipo anthu anali kuyendayenda kukatenga zigawo ndi zida. Nthawi yambiri inali kuthera m'kuyenda, m'kuwerama ndi m'kudikirana.

Oyendetsa nchito anayamba kufunsa kuti, kodi n'cifukwa ciani munthu atsata nchito? Bwanji nchito isatsate munthu? Nzeru imeneyi anaiona kwa opha ng'ombe ndi nkhumba a ku Chicago, kumene nyama inali kuyenda yopacika pa njanji ya m'mwamba, ndipo munthu aliyense anali kudulako ciwalo cace cokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nchito imeneyinso sanaiganize munthu mmodzi. Panali Sorensen, amene tsopano anali atakwera kukhala mkulu wa nchito. Panali Peter Martin, woyang'anira fakitale. Panalinso Clarence Avery, amene kale anali mphunzitsi wa nchito za manja. Avery atalowa kampani mu 1912 anayamba wagwira nchito ndi manja ace m'cigawo ciliconse miyezi ingapo, ndipo atatero ndiye anatenga wochi kuyesa nthawi ya nchito iliyonse.

Mu 1913 anayesa njira yatsopano pa kacipangizo kochedwa magneto, kamene kamatulutsa moto wa magetsi woyatsira mafuta mu injini. Kale munthu mmodzi anali kulumikiza magneto yonse yekha m'mphindi 20. Tsono anagawa nchitoyo m'zigawo 29, naimika anthu pa mzere, kuti aliyense acite cigawo cace napereke kwa mnzace. Nthawi inatsika kufika mphindi 13 ndi masekondi 10. Pambuyo pace anaona kuti anthu akuwerama, ndipo anakweza thebulo pafupifupi masentimita 20. Nthawi inafika mphindi 7. Atapeza liwiro loyenera la mzerewo, inafika mphindi 5. Munthu mmodzi tsopano anali kucita zimene kale zinafuna anthu anai.

Anacitanso cimodzimodzi ndi mbali yapansi ya galimoto, imene imanyamula injini ndi magudumu. Mwa njira yakale, kuilumikiza kunali kudya maola 12 ndi mphindi 28. Atayamba kuikoka ndi cingwe pakati pa anchito, nthawi inatsika kufika maola 5 ndi mphindi 50. Mu 1914, ataika unyolo woyenda ndi makina, inafika ola limodzi ndi mphindi 33. Popeza nchito inacepa, mtengo unatsikanso, ndipo pofika 1925 galimoto ya mtundu umene unali madola 850 inali kugulidwa madola 290.

Njira imeneyi ili ndi coopsa cace. Pa mzere woyenda, kacitsulo kamodzi kakasowa, anthu onse amaima. Cotero woyendetsa nchito ayenera kudziwiratu zimene zidzafunika mawa, sabata la mawa ndi mwezi wa mawa. Akaitanitsa zocepa, makina amagona pamene malipiro akuyenda. Akaitanitsa zoculuka, ndalama zimagona m'nyumba yosungira katundu, ndipo citsulo cimacita dzimbiri.

ZIMENE WOCHI SIYESA

Panali cinthu cimodzi cimene akulu aja sanaciwerenge bwino, ndico mtima wa munthu. Kuima pa malo amodzi tsiku lonse, kumanga kacitsulo komweko kacikwi, kunali kolemetsa ndithu. Anthu anali kulowa nchito lero, mawa n'kuthawa. M'caka ca 1913 kampani inalemba anthu oposa 50,000 kuti isunge malo a anchito pafupifupi 14,000, ndipo watsopano aliyense anafuna kuphunzitsidwa. Pa 5 January 1914 kampani inalengeza malipiro a madola 5 pa tsiku kwa anchito okwanitsa malamulo ace, pamene kale malipiro ocepa anali madola 2 ndi masenti 34. Inacepetsanso maola a nchito kucokera pa 9 kufika pa 8. Pamenepo anthu analeka kuthawa. Woyendetsa nchito wosamala makina naiwala kutopa ndi njala ya anthu, ciwerengero cace n'cabodza.

Colakwa cina cinali ca Ford mwini. Pokondwa ndi Model T, anakana kuisintha kweni-kweni zaka zambiri, pamene makampani ena anali kujambula magalimoto atsopano okoma koposa. Ogula anayamba kupita kwina. Mu May 1927, atapanga magalimoto a Model T okwana 15 miliyoni, analeka kuipanga. Kusintha makina kunadya miyezi ingapo, ndipo anthu zikwi zambiri anakhala kunyumba opanda malipiro. Galimoto yatsopano inaoneka mu December caka comweco. Izi zionetsa kuti nchito ya wojambula siitha pa tsiku limene cinthu catuluka. Ayenera kumvabe zofuna za ogula ndi kukonzeratu ca mawa.

NJIRA YA KU NCHITO ZIMENEZI

Pa anthu a m'nkhaniyi palibe amene anayambira pamwamba. Couzens anali kalaliki, Avery anali mphunzitsi, ndipo Sorensen anali wosema zifanizo. Sorensen anakhala m'kampaniyo kufikira 1944, ndipo pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse analongosola fakitale ya ku Willow Run, imene m'caka ca 1944 inali kutulutsa ndege yaikulu imodzi pafupifupi ola lililonse. Onsewa anakwera cifukwa anadziwa nchito ya manja, nadziwanso kuiwerenga ndi kuilemba.

Nchito zitatuzi zili m'fakitale iliyonse, ngakhale m'Zambia muno. Ku Luanshya amapanga mawaya a mkuwa, ku Chilanga amapanga simenti, ndipo ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, amapanga shuga. Konseko kuli wowerenga ndalama zimene thumba limodzi kapena mpukutu umodzi udya, kuli wojambula makina ndi zigawo zace, ndiponso kuli wokonza kuti nzimbe, miyala kapena mkuwa zifike pa nthawi yace. Maphunziro ace amapezeka ku Northern Technical College ku Ndola, ku Copperbelt University ku Kitwe, ku University of Zambia ku Lusaka, ndi m'masukulu ena a nchito za manja. Zitseko zace n'zotseguka kwa atsikana ndi anyamata omwe.

Masiku ano kujambula ndi kuwerengera kwambiri kumacitika pa kompyuta. Komabe kompyuta siidziwa kuti munthu waipatsa muyeso wolakwa. Imangowerengera colakwaco mofulumira. Cotero maziko ali omwe aja a kale. Mwana wofuna nchito zimenezi ayenera kulimbikira masamu, makamaka kuculukitsa, kugawa ndi miyeso. Ayenera kuzolowera kulemba mizere yoongoka ndi manambala ooneka bwino. Ayenera kukonda kufunsa amisiri a pamudzi, monga kalipentala, wosula ndi wosoka, kuti cinthu cakuti cimadya zipangizo zingati ndi masiku angati. Koposa zonse ayenera kukhala woona, pakuti munthu wa nchito imeneyi amawerenga ndalama za eni, ndipo nambala imodzi yonama ikhoza kucotsetsa nchito anthu ambiri osalakwa.

Akulu anati, nkhanga zinapangana kusanace. M'fakitale yoyenda bwino, nchito ya lero inawerengedwa dzana, ndipo ya mawa ili kale pa pepala.

MAU OFUNA KUKUMBUKIRA

Cifanizo: cinthu cosemedwa ndi mtengo cofanana ndi cimene afuna kupanga ndi citsulo.
Cikombole: malo obooka m'mene amathiramo dothi kapena citsulo kuti citenge maonekedwe ace.
Gawo la m'kampani: mbali ya cuma ca kampani imene munthu ali nayo cifukwa ca ndalama zimene anaikamo.
Phindu: ndalama zotsala atacotsa zonse zimene zinapita pa nchito.

MAFUNSO

1. Chulani nchito zitatu za m'fakitale, ndipo fotokozani m'mene womanga nkhokwe amazicitira zonse yekha.
2. N'cifukwa ciani Anderson anacotsa madola 46 pa phindu la galimoto?
3. Fotokozani cimene cimacitika wowerengera akachula mtengo wocepa, ndi cimene cimacitika akachula wokwera.
4. N'cifukwa ciani cifanizo ca mtengo ciyenera kukula pang'ono koposa citsulo cimene afuna kupanga?
5. Anthu 29 akamatha magneto imodzi pa nthawi yowerengeka ngati mphindi 5 za munthu mmodzi, kodi munthu mmodzi amawerengedwa kuti wapanga magneto angati pa maola 8? Nanga mwa njira yakale ya mphindi 20 anali kupanga angati?
6. Kalipentala wauzidwa kupanga madesiki 40. Desiki limodzi lifuna matabwa a K180, misomali ndi vanishi za K30, ndi malipiro a K90. Lendi ndi mayendedwe a nchito yonse ndi K1,200. Pezani ndalama zonse zofunika. Akafuna phindu la K50 pa desiki lililonse, achule mtengo wanji wa desiki limodzi?
7. Tengani njerwa, muiyese ndi rula, ndipo muijambule monga ioneka kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba. Lembani miyeso yace yonse.
8. Lembani nkhani yaifupi pa mwambi wakuti, "Nkhanga zinapangana kusanace."